Kachilombo kobwereka malaya a mnzake

Mwezi wa Juni ukangolowa, kuno ku Maravia nyumba iliyonse imakhala ndi wake wotsokomola. Mphepo ya mwera ikuwomba, fumbi lili koboo, ndipo usiku banja lonse limaunjikana pamoto zitseko zili zotseka. Mwana akayamba mamina ndi kutentha thupi, mawu athu ndi amodzi kuyambira ku Fingoè mpaka ku Malowera: "N'chimfine chabe ichi, chitha chokha." Nthawi zambiri timanena zoona, chimathadi chokha. Koma nthawi zina chimatsikira m'mapapo n'kusanduka chibayo, ndipo sabata isanathe mudzi uli pamaliro.

Funso limene omvera wailesi amakonda kufunsa m'nyengo yozizira ndi ili: kodi bwanji chimfine chimene chinangotikhudza pang'ono chaka chatha chabwera chaukali chaka chino? Nanga si amati munthu ukadwala matenda kamodzi thupi limawazindikira? Funsoli ndi lanzeru ndithu. Sabata ino tiyese kuliyankha potsata banja limodzi la tizilombo lotchedwa adenovirus, limene lili ndi khalidwe lodabwitsa lobwerekana ziwalo.

Poyamba tidziwe kuti chimene timangochitcha chimfine sichichokera ku kachilombo kamodzi ayi. Pali mavairasi ambirimbiri amene amalowa m'mphuno ndi pakhosi, monga rhinovirus, fuluwenza, RSV ndi corona amene tinamudziwa bwino mu 2020. Adenovirus ndi mmodzi wa iwowa. Anamutulukira m'chaka cha 1953 ku America. Dokotala wina dzina lake Wallace Rowe ndi anzake ankaunika tinyama timene madokotala ankachotsa kuseri kwa mphuno za ana, pamwamba pa mmero, ndipo anapeza kuti m'tinyamamo munabisala kachilombo. Pa Chingerezi tinyamato amatitcha adenoids, ndipo dzina la kachilomboko linachokera pamenepo. M'chaka chotsatira katswiri wina, Maurice Hilleman, anapeza kachilombo ka banja lomweli mwa asilikali amene ankadwala chifuwa.

Lero akatswiri amadziwa mitundu ya adenovirus yopitirira 100 imene imagwira anthu, ndipo mtundu uliwonse anaupatsa nambala. Mitunduyi anaigawa m'mafuko asanu ndi awiri, kuyambira A mpaka G, monga mmene ife tilili a Phiri, a Banda, a Mwale ndi a Tembo. Mtundu uliwonse uli ndi malo amene umakonda m'thupi. Nambala 40 ndi 41 amatsegula ana m'mimba. Nambala 8 ndi 37 amafiiritsa maso. Amene amavutitsa pakhosi ndi m'mapapo makamaka ndi 3, 4, 7, 14 ndi 21.

Wina anganene kuti izi n'za kunja. Ayi abale anga, zili konkuno. Kumwera kwa dziko lathu lino, ku Manhiça, kuli malo ofufuzira za umoyo otchedwa CISM. Pakati pa 2006 ndi 2007 akatswiri a kumeneko anayeza ana pafupifupi 800 osakwana zaka zisanu amene anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha chibayo. Pafupifupi theka la anawo anawapeza ndi vairasi, ndipo adenovirus anali wachiwiri kuchuluka, pambuyo pa rhinovirus. Tsidya linali ku Zambia, mzinda wa Lusaka unali nawo m'kafukufuku wamkulu wa m'maiko asanu ndi awiri wotchedwa PERCH, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Kafukufukuyu anaonetsa kuti chibayo chachikulu cha ana nthawi zambiri chimayamba ndi mavairasi kuposa mabakiteriya, ndipo wotsogola anali RSV. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2019 chibayo chinapha ana osakwana zaka zisanu opitirira 700,000.

Tsono kuti timvetse mmene adenovirus amasinthira, tione kaye kapangidwe kake. Ndi kanthu kakang'onong'ono kwambiri kosaoneka ngakhale ndi makina ounikira malungo a m'zipatala zathu. Kali ndi zinthu zitatu zofunika. M'kati muli ulusi wa malangizo umene ophunzira amautcha DNA, wa zilembo pafupifupi 36,000. Tingauyerekeze ndi kabuku kofotokoza mmene angapangire kachilombo kena. Kunja kuli chikhokho cholimba chopangidwa ndi tizidutswa 240 totchedwa hexon, ndipo amenewa ndiwo malaya ake. Kenaka pali timinga 12 totuluka m'makona mwake, timene tili ngati makiyi otsegulira zitseko za maselo, tizipinda ting'onoting'ono timene timapanga thupi lathu.

Thupi la munthu lili ndi asilikali ake. Kachilombo kakalowa koyamba, asilikaliwo amakaona malaya amene kavala n'kuwasunga pamtima. Kakabweranso chaka china ndi malaya omwewo, amakagwira pachipata pomwepo, ndipo munthu sadwala kapena amangodwala pang'ono. N'chifukwa chake ife akuluakulu sitivutika kwenikweni ndi mitundu yofala ya adenovirus. Tinakumana nayo kale tili ana.

Koma tizilombo timasintha, ndipo njira zake zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya kulakwitsa pokopera. Kachilombo kakalowa m'selo, kamakakamiza seloyo kukopera kabuku kaja kambirimbiri, ndipo mwa apo ndi apo chilembo chimodzi chimalakwika. Zolakwikazo zikamaunjikana, pamabadwa kachilombo kosiyanako pang'ono. Fuluwenza amasintha kwambiri mwa njira imeneyi, n'chifukwa chake katemera wake amakonzedwanso chaka ndi chaka. Adenovirus sakonda kulakwitsa motere. Iye amakopera mosamala ndipo amakonza zolakwika zake zambiri.

Njira yachiwiri ndiyo imene adenovirus anaidziwa bwino. Tiyerekeze kuti mwana wagwidwa ndi mitundu iwiri ya adenovirus panthawi imodzi, ndipo yonse iwiri yalowa m'selo imodzi. Timabuku tiwiri tikukoperedwa m'chipinda chimodzi. Popeza n'tofanana kwambiri, masamba amasokonezeka: tsamba la uyu limakalowa m'kabuku ka uyo. Chotuluka pamenepo ndi kachilombo kachitatu, ka thupi la uyu koma kovala malaya a uyo, kapena konyamula makiyi a mnzake.

Alimi mukuzidziwa kale izi. Mukadzala chimanga choyera pafupi ndi munda wa chimanga chachikasu, pokolola mumapeza zisononkho za mawangamawanga. Koma chimanga sichisakanikirana ndi mapira ngakhale mutazidzala phando limodzi. Chimodzimodzinso adenovirus: kusinthana kumachitika kwenikweni pakati pa mitundu ya fuko limodzi, ndipo sikungachitike pokhapokha awiriwo atakumana mwa munthu mmodzi panthawi imodzi.

Chitsanzo chodziwika bwino chinachitika ku China mu 2006. Pasukulu ina ya sekondale m'boma la Qishan, chigawo cha Shaanxi, anthu opitirira 200 anadwala chifuwa ndi kutentha thupi, ndipo wophunzira mmodzi anamwalira. Poyeza koyamba kachilomboko kanaoneka ngati ka nambala 11, mtundu umene umadziwika ndi kuvutitsa impso ndi chikhodzodzo. Akatswiri atawerenga kabuku kake konse anapeza kuti pafupifupi thupi lonse linali la nambala 14, mtundu wokonda mapapo, ndipo mbali ya malaya yokha ndiyo inachokera kwa nambala 11. Kunena kwina, kachilombo ka m'mapapo kanabwereka malaya amene asilikali a m'matupi mwa anthu ambiri anali asanawaonepo. Mu 2010 anakapatsa nambala yakeyake, 55, ndipo kuyambira pamenepo kakhala kakubuka m'misasa ya asilikali ndi m'zipatala ku China ndi ku South Korea, n'kumagwetsa ngakhale anyamata amphamvu zawo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Izi sizinayambe ndi nambala 55. M'zaka za m'ma 1980 ku Argentina, ku Chile ndi ku Uruguay kunafala mtundu wotchedwa 7h, umene unali nambala 7 wonyamula makiyi a nambala 3. Unapha makanda ambiri, ndipo ena amene anapulumuka anatsala ndi zipsera m'timisempha ta mpweya ta m'mapapo, moti ankabanika kwa zaka zambiri. Kumayambiriro kwa 2023 mawodi a ana mumzinda wa Kolkata ku India anadzaza ndi ana odwala chibayo, ndipo ofufuza a kumeneko anapezanso kachilombo kosakanikirana ka nambala 7 ndi 3. Onani kuti 3, 7, 11 ndi 14 onse ndi a fuko limodzi, fuko la B. Ndi chimanga chokhachokha.

Nambala 4 ali ndi mbiri yakeyake. M'fuko la E iye ndi yekhayo amene amafala pakati pa anthu, ndipo abale ake ena onse amapezeka mwa anyani akuluakulu monga achimpanzi. Akatswiri amene anawerenga kabuku kake amati anachokera kwa anyaniwo, ndipo mbali ina ya malaya ake inafanana ndi ya mtundu wina wa fuko la B. Nambala 4 ndi 7 ankavutitsa kwambiri achinyamata olowa kumene usilikali ku America, moti kuyambira mu 1971 ankawapatsa katemera wakumwa. Kampani yopanga katemerayo inasiya mu 1996, wotsalayo anatha mu 1999, ndipo matenda anabwereranso m'misasa mpaka ena kumwalira. Katemerayo atayambiranso mu 2011, odwala anachepa kwambiri. Katemera ameneyu ndi wa asilikali a dzikolo okha. Wa anthu wamba palibe, kuno kapena kwina kulikonse.

Mwaona kodi malo amene akutchulidwa mobwerezabwereza? Sukulu, msasa wa asilikali, wodi ya ana. Ndi malo amene anthu ochokera kosiyanasiyana amagona mothithikana, aliyense atabwera ndi kachilombo ka kwawo. Kuno kwathu malo otere alipo. Pali nyumba zogona ana asukulu amene kwawo n'kutali, pali misasa ya asodzi m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, pali zisakasa za okumba golide, pali masiwa amene timagona anthu makumi angapo m'nyumba imodzi. Palinso galimoto zodzaza thothotho zopita ku Tete mawindo ali otseka chifukwa cha fumbi, ndi misika ya m'malire kumene timakumana ndi abale athu a ku Zambia. Kachilombo sikafunsa chiphaso pamalire.

Malo ena okumanirapo ndi thupi la munthu amene chitetezo chake chatsika. Mwa munthu wamphamvu kachilombo kamathamangitsidwa msanga, koma mwa wofooka kamakhala miyezi, ndipo mpata woti kakumane ndi mnzake umakula. M'zaka za m'ma 1980, mankhwala a ARV asanabwere, mitundu yatsopano ingapo ya adenovirus anaipeza koyamba mwa odwala Edzi. Pasakhale woloza mnzake chala pa nkhani imeneyi. Phunziro lake n'lakuti amene ali pa ma ARV azimwa mokhulupirika, ndipo mwana woperewera zakudya m'thupi apite naye kusikelo msanga, chifukwa chitetezo chikabwerera kachilombo kamasowa pokhala.

Ndiye yankho la funso lija ndi ili: n'zoona thupi limakumbukira, koma limakumbukira malaya. Chimfine cha chaka chino chikhoza kukhala cha banja lina la tizilombo, kapena cha mtundu wina wa banja lomwelo, kapenanso cha mtundu wakale umene wavala malaya obwereka. Kudziwa nambala yake kumafuna makina owerengera DNA amene amapezeka m'malabotale akuluakulu, monga a Instituto Nacional de Saúde ku Marracuene. Namwino wa pachipatala cha kumudzi sangaione nambalayo ndi maso, ndipo mayi wa mwana sangaionenso. Chimene tonsefe tingathe kuona ndi chifuwa cha mwana.

Amayi ndi abambo, gwirani manambala awa pamtima. Mwana akamatsokomola, dikirani akhale phee, osati akulira. Muvuleni malaya, yang'anani pamimba ndi pachifuwa, ndipo werengani kuti akupuma kangati pa mphindi imodzi yathunthu. Wotchi ya pafoni ikwanira. Khanda losakwana miyezi iwiri likapuma ka 60 kapena kupitirira, ndiye kuti likupuma mofulumira. Mwana wa miyezi iwiri mpaka 11, malire ake ndi ka 50. Wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu, malire ake ndi ka 40. Akafika pamenepo, tsiku lomwelo aonedwe ndi APE wa m'dera lanu kapena kuchipatala. Ma APE anaphunzitsidwa kuwerenga mpweya wa mwana ndi kutumiza odwala kwambiri kuchipatala.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kudikira kuti kuche. Mwana akamapuma m'munsi mwa nthiti mukulowa m'kati, akamakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akamakomoka, akamangogona osadzuka bwino, kapena milomo yake ikasintha mtundu, nyamukani usiku womwewo. Tikudziwa kuti midzi yathu ili kutali ndi zipatala ndipo mtengo wa njinga yamoto ndi wowawa. N'chifukwa chake kunyamuka msanga n'kofunika kwambiri kuno kuposa m'tauni. Mwana wa chibayo chachikulu amafuna mpweya wa oksijeni, ndipo umenewo sungapezeke kwa sing'anga kapena pamsika. Kutema mphini pachifuwa ndi kufukiza mwana wobanika kale kumangodya maola amene akanamupulumutsa.

Tinenepo za makapisozi ogula pamsika. Amoxicillin ndi anzake amapha mabakiteriya, ndipo adenovirus sawamva n'komwe. Mankhwala enieni opha kachilomboka operekedwa kwa wina aliyense palibe, thupi ndilo limamenya nkhondoyo lokha, ife n'kumalithandiza ndi madzi akumwa, chakudya, bere la mayi ndi mankhwala otsitsa kutentha thupi. Komabe wachipatala akapereka amoxicillin kwa mwana wopuma mofulumira, mwana amwe mpaka amalize. Amatero chifukwa chibayo cha mabakiteriya ndi cha mavairasi zimaoneka mofanana, ndiponso mabakiteriya amakonda kulowa m'mapapo amene vairasi wawavulaza kale. Cholakwika ndi kugula makapisozi atatu, kumwetsa mwana, n'kukhala pansi kuti tachiza.

Nanga kupewa? Chikhokho cha adenovirus n'cholimba kuposa cha corona. Corona ali ndi khungu la mafuta limene limasungunuka msanga ndi mankhwala opaka m'manja aja, koma adenovirus alibe khungu lotero, choncho mankhwala opaka okha samukwanira bwino. Amatha kukhala wamoyo masabata pachitseko, pakapu kapena pathaulo, ndipo amatulukanso m'chimbudzi cha mwana ngakhale mwanayo atachira. Chimene chimathandiza ndi kusamba m'manja ndi sopo pamadzi othirirana, osati tonse m'beseni limodzi. Zinthu zogwiragwira zipukutidwe ndi madzi othira javel kapena jiki. Wodwala akhale ndi kapu yake ndi kansalu kake kopukutira kumaso, makamaka ngati maso afiira. Masana tsegulani zitseko ndi mawindo mpweya udutse. Khanda lisamakhale mu utsi wa m'khitchini, popeza utsi umafoola mapapo, ndipo liyamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi yoyamba.

Makatemera a kusikelo musawanyoze ponena kuti sakhudza adenovirus. Katemera woteteza ku bakiteriya wa Hib analowa m'dziko muno mu 2009, ndipo wa chibayo wotchedwa PCV analowa mu 2013. Amenewa amatseka khomo kwa mabakiteriya amene amabwera pambuyo pa chimfine. Wa chikuku ndi wofunikanso, chifukwa mwana amene wangodwala chikuku akagwidwa ndi adenovirus mapapo ake amaonongeka kwambiri. Mwina simukudziwa kuti ambiri a ife tinalandirapo adenovirus woweta. Katemera wa Covid-19 wa Johnson & Johnson anapangidwa ndi nambala 26, ndipo wa AstraZeneca anapangidwa ndi adenovirus wa achimpanzi. Onsewa anawachotsa mphamvu yoberekana, n'kuwasandutsa amtengatenga okapereka uthenga kwa asilikali a m'thupi. Luso lomwe lija losinthitsa masamba a kabuku, m'manja mwa akatswiri linasanduka chida chotiteteza.

Mawu omaliza apite kwa atsogoleri. Aphunzitsi aakulu ndi oyang'anira nyumba zogona ana asukulu, ana angapo akadwala chifuwa ndi kutentha thupi sabata imodzi, agonekeni paokha ndipo dziwitsani achipatala msanga. Musadikire kuti wina akomoke. Mafumu ndi akuluakulu a mipingo, pamaliro ndi pamisonkhano pakhale sopo ndi madzi othirirana, ndipo mayi wa khanda aloledwe kukagona kunyumba popanda wina womunena. Akuluakulu a zaumoyo m'boma ndi m'chigawo, tikupempha kuti oksijeni asamasowe m'zipatala zimene zili pafupi ndi anthu, ndipo chifuwa chachilendo chikabuka zoyeza zitumizidwe kulabotale msanga. Ku Qishan anadziwa chimene chinawagwera chifukwa panali wina amene anatenga zoyeza n'kuzitumiza.

Mutu umodzi susenza denga. Kachilomboka sikangasinthe malaya kali kokha, kamafuna kukumana ndi mnzake m'thupi mwa munthu. Munthu aliyense amene tamuteteza kuti asadwale ndiye kuti tatseka malo amodzi okumanirapo. Ndipo mwana akayamba kutsokomola m'nyumba mwanu, musanene msanga kuti n'chimfine chabe musanawerenge mpweya wake.